Ndinasainira Sikipa, Osati Kuletsa Salaula

Shedi ya Salaula,
Msika wa Feira,
Luangwa Boma.

Kwa Bwana Mkulu,
Bungwe la Valani Mosamala,
ku Lusaka.

Bwana wanga wolemekezeka kwambiri,

Ndagwada, ngakhale maondo anga masiku ano akagwada amachedwa kudzuka. Muli bwanji kumeneko, inu ndi amayi ndi ana? Kuno tilipo. Dzuwa la Okutobala likutiwotcha monga limachitira chaka chilichonse, mbuzi zabisala pansi pa mamotoka a boma, ndipo mtsinje wa Luangwa watsika mpaka mchenga waonekera pakati.

Ine ndine Yoram Daka, telala. Dzina mwina mwaiwala, koma nkhope mumaidziwa, pakuti ili pachikuto cha pepala lanu lija mukufuna kukwera nalo ku Nyumba ya Malamulo, lopempha kuti salaula, zovala zovalidwa kale zobwera m'mabelo, iletsedwe m'dziko muno. Mudala wa dazi uja wavala sikipa yobiriwira, wakhala pa mashini yosokera, akumwetulira ngati wapatsidwa ng'ombe, ndi ine.

Sukulu ndinalekezera Giredi 5 ku Katondwe, ndiye mundikhululukire kalembedwe. A Whiteson, amene anali kalaliki wa kukhoti asanapume pantchito, anadzipereka kuti aiike kalatayi m'Chingerezi. Ndakana. Pepala lanu linabwera kuno m'Chingerezi ndipo palibe anatiwerengera. Nanunso funani wokuwerengerani, mulaweko.

Nkhani yake ndi iyi. Ndauzidwa kuti mwezi uno ukatha ndinyamule mashini yanga ndichoke pa shedi ya salaula, pomwe ndakhala zaka 31. Wandiuza ndi Isabel, wapampando wa azimayi ogulitsa salaula pa msika uno, amenenso ndi mulamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga. Akuti sangasunge njoka pansi pa mabelo. Njokayo ndine, chifukwa cha pepala lanu. Koma musaganize kuti ndikudandaula, bwana. Ndikuthokoza. Ndipo mathokozo anga ndawaika manambala, chifukwa ndinaona pa msonkhano wanu kuti inu anthu ophunzira chinthu chopanda nambala simuchikhulupirira.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha maphunziro.

Mu Juni munatitumizira mamotoka atatu aakulu oyera, m'kati muli anthu asanu ndi awiri chabe. Basi yathu ya ku Lusaka imanyamula mudzi wonse, ndi matumba a masau ndi nsomba zouma pamwamba, koma ndikudziwa kuti anthu osamala dziko sayenera kupanikizana. Munatiitanira ku loji ya m'mbali mwa mtsinje, m'chipinda momwe mashini imauzira mphepo yozizira tsiku lonse. Mu Juni, bwana, mwezi umodzi wokha womwe Mulungu amatipatsa mphepo yaulere.

Anatiphunzitsa ndi mtsikana wa ku ofesi kwanu, Miyanda. Ameneyo musamukalipire, ndi mwana waulemu, anagwada pondipatsa madzi. Anatiuza mawu atsopano akuti sasitenabo. Titafunsa, anati ndiko kuvala mosaononga dziko. Chovala chikang'ambika usataye, usoke. Chikakuchepera upatse wina. Anationetsa pakhoma chithunzi cha mzungu akusokerera batani, n'kutiuza kuti kumaiko akunja anthu ayamba kale kuchita zimenezi. Tinaomba m'manja. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Pambali panga panakhala mayi wina wa ku Kavalamanja amene diresi lake linali ndi zigamba zambiri kuposa nsalu yoyambirira. Iyenso anaomba m'manja, kuyamikira azungu kuti afika pa batani.

Anationetsanso atsikana a m'tauni akuyenda monyang'ama atavala madiresi osokedwa ndi masaka a ufa, n'kuti diresi limodzi mtengo wake ndi woposa mbuzi zitatu. Ine ndinavala saka ndili mwana, chaka chomwe atate anadwala. Amayi anabowola pa mutu ndi pa manja. Palibe anandijambula.

Kenako Miyanda anatenga singano kuti atisonyeze. Ulusi unakana kulowa. Anayesa kanayi, ananyambita, anapita nayo pawindo. Ndinamulowetsera ine, ndi maso anga awa amene a kuchipatala akuti ayamba ng'ala. Pamapeto ndinalandira setifiketi yoti ndaphunzira kukonza zovala. Ndaikhoma pamwamba pa mashini. Zaka zonsezi ndinali kusoka mwaumbuli.

Popeza inu munandiphunzitsa, lekani nanenso ndikuuzeni m'mene tinkachitira tisanaphunzire. Belo ikafika kuchokera ku Lusaka, Isabel amadula mawaya ake Loweruka m'mawa. Zabwino zimapita msanga, aphunzitsi ndi manesi ndi a m'maofesi amakhala ataima kale mozungulira. Zotsala ndizo zanga. Mabuluku a anthu aakulu ngati mvuu, oti munthu wa kuno angalowe thupi lonse m'mwendo umodzi. Majekete aubweya a kumaiko a chisanu, kuno ku Feira komwe dzira lingapse pa malata. Buluku limodzi lotero ndimatulutsamo makabudula awiri a sukulu, zotsala n'kukhala kachikwama ka mabuku. Jekete limasanduka bulangeti la khanda. Kolala ya malaya ikatha ndimaitembenuza, mwini wake n'kulowa nayo m'tchalitchi zaka zina ziwiri. Tizidutswa tating'ono azimayi amaluka zopondera pakhomo. Timichira totsiriza amatenga asodzi, amakhomerera m'ming'alu ya bwato ndi phula kuti madzi asalowe. Ndiye malaya amene bwana wina anavala ku ofesi kutsidya kwa nyanja amathera pansi pa bwato, akuoloka kupita ku Zumbo, kutsidya ku Mozambique. Umo ndi m'mene tinkaonongera dziko. Zikomo potiwongola.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha masikipa.

Tsiku lomwelo munatigawira masikipa obiriwira, olembedwa Chingerezi pachifuwa ndi kumsana. Atsopano, iliyonse m'pulasitiki mwake. Ine nsalu ndimaidziwa ndi zala, bwana. Ija si thonje. Ija ndi msuweni wake wa thumba la feteleza. Ukaivala masana umanyowa ngati wagwa m'madzi, ukayandikira moto imakwinyika n'kununkha. Pakhosi pake panali kakalata, a Whiteson anawerengapo dzina la dziko lomwe ine sindinalimvepo, anati kuti ifike kuno inakwera sitima yapamadzi mwezi wathunthu. Ndipo onse anali saizi imodzi, ya munthu wodya bwino. Sabata yotsatira ndinachepetsa masikipa mpaka msana kuwawa. Imeneyo ndiyo ntchito yeniyeni yomaliza yomwe ndagwira, ndiye apanso tatenda, monga timanenera kuno.

Zilembo zinayamba kusupuka pa kuchapa kwachiwiri. Asodzi anayesa tizidutswa take pa bwato, akuti sitigwira phula. Mapulasitiki ake akadali pa minga kuseri kwa loji, mphepo ikaomba amatipatsa moni.

Kuti ulandire sikipa unayenera kulemba dzina ndi kusaina pa pepala lomwe linkayenda m'mizere. Bwana, ife a ku Feira misonkhano tinaizolowera. Yabwerapo ya njobvu, ya ng'ona, ya maneti a udzudzu, ya zimbudzi. Pepala likamayenda pa msonkhano ndi la chakudya kapena la zogawa. Palibe amawerenga pamwamba. Umalemba msanga lisanadzaze, n'kupatsa mnzako cholembera. Tinasaina tikuseka. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

3. Ndikuthokoza kuti munandifupikitsira mawu.

Ine ndine munthu wolankhulitsa, mkazi wanga amandiuza tsiku lililonse. M'mawa mwake, msonkhano utatha, Miyanda anabwera pa shedi ndi bambo wa kamera. Anandiveka sikipa, anandikhazika pa mashini, anandifunsa zomwe ndimaona m'mabelo. Ndinanena zoona zokhazokha. Ndinati:

"Salaula ya masiku ano ndi zinyalala. Kale buluku la m'belo linkaperekeza mwini wake kumanda lidakali lolimba, lero ukachapa katatu ukuonera kunja. Kauzeni amene amatumiza aleke kutitayira zovunda, atitumizire zolimba monga kale, chifukwa popanda belo ana athu ayenda maliseche ndipo ine ndifa ndi njala."

Ndinalankhula zina zambiri mpaka kukhosi kuuma. Bambo wa kamera ankagwedeza mutu, ndinati koma lero ndapeza anthu omva.

Mu Ogasiti wailesi inayamba kuulutsa uthenga wanu, katatu pa tsiku, masabata atatu. Munali mawu anga, ndi kutsokomola kwanga komwe. Salaula ya masiku ano ndi zinyalala. Basi. Kenako kanyimbo, kenako mayi wa mawu okoma akuti ngakhale matelala a kumidzi, monga mudala Yoram Daka wa ku Luangwa, agwirizana nafe kuti salaula iletsedwe. Ine ndimadula nsalu tsiku ndi tsiku, bwana, koma kudula kotero sindinakuonepo. Munatenga buluku, munataya miyendo yonse iwiri, n'kusunga zipi. Ngati sizasi imeneyo mukadali nayo, mundibwerekeko.

4. Ndikuthokoza chifukwa cha mpumulo.

Tsiku loyamba wailesi italankhula, ine ndinali pa shedi ndikuchepetsa siketi ya mayi wina. Wailesi inali ya m'shopu yoyandikana, ndipo mwini wake ndi wogontha pang'ono, amakweza mpaka kumapeto. Azimayi onse anatembenuka kundiyang'ana. Mwini siketi anabwera n'kuisolola pansi pa singano, ulusi uli lendelende.

Isabel sanakuwe. Ameneyo akakwiya amaseka. Anabwera n'kukhala pa belo patsogolo panga. Anandifunsa ngati ndi zinyalala zomwe zinaphunzitsa ana anga anayi, ngati ndi zinyalala zomwe zinafolera nyumba yanga malata. Kenako anati, "Mulamu, buluku mwavalalo ndi la m'belo yanga. Vulani, tikalitaye kudzala." Azimayi anayamba kuyandikira. Ine ndinagwira lamba ndi manja awiri mpaka madzulo.

Ndinayesa kufotokoza kuti mawu anga anadulidwa. Anati wailesi sinama, ndipo kutsokomolako kunali kwanga. Akuluakulu a mumpingo anayesa kutikhazika pansi. Isabel anawalandira bwino, anawaphikira tiyi, n'kuwauza kuti iye alibe mlandu ndi Mulungu, ali ndi mlandu ndi telala. Anati ngati mawu anadulidwadi, wowadulayo abwere adzanene ndi pakamwa pake pa shedi mwezi uno wa Okutobala usanathe. Apo ayi, malo anga apatsa wogulitsa nsapato.

Kuyambira pamenepo palibe wandibweretsera ngakhale batani. Zotsala za m'belo manje zimaoloka. Loweruka masana amazimanga m'chitenge, bwato n'kupita nazo ku Zumbo kwa Fátima, telala wa kumeneko. Lachitatu zimabwerera zitasokedwa. Fátima ndi mayi wabwino, sindimunenera zoipa, koma mpendero wake ndi wokhota ngati njira ya ku Kavalamanja. Ine ndimakhala ndikuyang'ana ntchito yanga ikutsikira kudoko pamitu ya anthu. Mashini ndimaithira mafuta m'mawa, ndimaipukuta, ndimapalasa yopanda nsalu kuti miyendo isaume. Kunyumba mkazi wanga amandiikira chakudya osandiyang'ana, chifukwa kotunga madzi amamutcha mkazi wa pa wailesi. Munthu wa zaka 70 ayenera kupuma. Inu munaziona zimenezo muli ku Lusaka. Mulungu akudalitseni.

Ndisaname, ndinayesa kuzikonza mwakachetechete monga munthu wamkulu. Ndinaimba ku ofesi kwanu katatu. Koyamba anati muli mu msonkhano. Kachiwiri anati mwauluka kupita ku Ulaya ku msonkhano wa kusamala dziko. Kachitatu anati mwabwera koma mukupuma, chifukwa mawa lake muulukanso. A Whiteson anandionetsa zithunzi zanu pa foni, masiku atatu, masuti atatu. Ndi nsalu zabwino, bwana. Zikadzakucheperani, tidzazilandira.

Nambala yotsatira ndaiwala ngati ndi 5 kapena 6, koma ndiyo yaikulu.

Sabata yatha a Whiteson anandiitana. Mdzukulu wawo wa ku Lusaka anawatumizira pepala lanu lonse pa foni. Tinakhala pamthunzi, iwo akuwerenga, ine ndikumvetsera. Ndi pomwe ndinadziwira kuti pepala la masikipa lija linali ndi mutu pamwamba, ndipo mutuwo umati ife osaina m'munsimu, nzika za boma la Luangwa, tikupempha kuti salaula iletsedwe. Akuti dzina lake ndi petishoni. Ndipo mwalemba monyadira kuti anthu 412 a ku Feira anasaina ndi manja awo.

Bwana, m'chipinda muja munali mipando 60. Ina inali yopanda anthu.

Simunadabwe? Lekani ndikuthandizeni, pakuti ndinu mlendo. Kuno munthu sapita ku msonkhano yekha, amapita ndi banja lonse m'mutu. Zinthu zikamagawidwa pa dzina, iwe n'kulemba lako lokha, kunyumba ukayankha mlandu. Ndiye umalemba la mkazi wako, la mwana, la mlongo wako wodwala, la apongozi kuti asadzakunene pa maliro. Pepala linadzaza, anthu anu anabweretsa lina, linadzazanso, anabweretsa lina, akumwetulira kuti anthu a kuno ali ndi chidwi. Makatoni a masikipa anali ambiri, nawonso sanafune kubwerera nawo.

A Whiteson anayamba kuwerenga maina. Asanafike patali anali atavula magalasi, akupukuta misozi ya kuseka. Muli ana a sukulu ya mkaka. Muli khanda lomwe linabadwa mu Meyi, ndipo linasaina bwino kuposa ine. Muli anthu a ku Zumbo oposa 40, nzika za Mozambique, amene sakudziwa n'komwe kuti akupempha malamulo m'dziko la eni. Pa nambala 207 pali Clive Tembo. Clive ndi galu wa mlonda wa pa msika. Sikipa yake amagonapo.

Ndipo muli akufa. Za anzanga sinditchula, aliyense adzayankha yekha. Nditchula zanga. Ine ndinalemba maina asanu. Langa. La mkazi wanga. La mwana wanga Dennis amene ali ku migodi. La mkulu wanga Frederick, amene tinamuika ku Katondwe zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Sikipa yake ndinapatsa mkazi wake wamasiye, chifukwa m'banja mwathu gawo la munthu silifa naye. Ndiye pa pepala lanu Frederick akupempha kuti salaula iletsedwe, munthu amene anagona atavala suti ya m'belo, yomwe ndinachepetsa ndi manja anga awa.

Dzina lomaliza ndilo mlandu weniweni. Tsiku la msonkhano Isabel anali ku Lusaka kukaoda mabelo. Ndinati mulamu wanga asamanidwe. Ndinalemba dzina lake, ndinasaina mokhotetsa monga amasainira iye. Atabwera ndinamupatsa sikipa, anathokoza, amaivala pochapa. Manje pa nambala 88 pali Isabel, wapampando wa ogulitsa salaula pa msika wa Feira, akupempha aphungu kuti amutsekere malonda, m'zilembo za dzanja langa. Iye sakudziwa. Adziwira m'kalata ino. Ndapempha a Whiteson kuti aikope, imodzi atumize ku nyuzipepala, ina akaikhome pa shedi Lachiwiri, tsiku lomwe ine ndimapita ku Katondwe kukaonetsa maondo. Ndawauza kale anesi kuti mwina afunika kundigoneka.

Kulakwa kwathu ndikukuvomera. Tinanama kuti tipeze masikipa, ndipo ine ndikalapa kwa abambo mfumu. Koma ife tinanamiza katoni, bwana. Inu mwatenga kabodza kathu ka kumudzi, mwakasita, mwakaveka tayi, mukukwera nako ku Nyumba ya Malamulo.

Musandimve theka kachiwiri. Nkhani yanu ili ndi mutu. Zinyalala m'mabelo zilimodi, ndipo zikuchuluka chaka ndi chaka. Pali zovala zimabwera zisanavalidwe n'komwe, zili ndi kapepala ka mtengo, koma nsalu yake ngati khungu la anyezi, singano ikalowa imang'amba. Zimenezo ngakhale ine zimandikanika. Isabel amaziwotcha kuseri kwa msika, ndipo utsi wake ndiwo unandipatsa chifuwa munachiulutsa pa wailesi chija. Amene amasoka zoterozo kuti zivalidwe kawiri n'kutayidwa ali kutsidya kwa nyanja, ali ndi mafakitale, ali ndi maloya. Ndikumvetsa kuti kumeneko n'kutali, ndipo pa geti pali agalu. Isabel ali pafupi, ali ndi belo imodzi ndi ambulera. Mwasankha bwino womenyana naye.

A Whiteson akuti pepala lanu likulonjeza kuti salaula ikaletsedwa tidzavala nsalu za thonje lathu, zolukidwa m'dziko muno. Ine ndinasokapo nsalu zotero ndili mnyamata. Zinali zabwino. Tsiku lomwe zidzafikenso pa msika uno pa mtengo woti msodzi angakwanitse, ndidzavina ndi maondo omwewa. Koma munthu savula asanaone chomwe avale. Pepala lanu lili ndi tsiku loletsera salaula, lalembedwa ndi zilembo zakuda. Tsiku lotsegulira fakitale a Whiteson analifunafuna mpaka batire la foni kutha. Ndipo mukatseka belo pa msewu wa ku Lusaka, kumbukirani kuti ife tili ndi mitsinje iwiri ndi mabwato ambiri. Sindikunena kanthu. Ndangotchula mitsinje.

Tsopano chomwe chandigwiritsa cholembera. Dzana Miyanda anandiimbira foni. Anati komiti ya aphungu idzamva nkhani yanu mwezi wamawa, ndipo ikufuna kumva kwa osaina eni ake. Anati inu bwana mwasankha ine. Ndidzakwera motoka yoyera, ndidzagona ku hotela, ndidzapatsidwa sikipa yatsopano, ndipo mawu oti ndikanene mwandilembera kale kuti ndisavutike. Mwanayo ndikuganiza kuti akudziwa. Ndinamuuza kuti asadandaule, ndiyankha kwa akuluakulu ake.

Ulemu wotere sindinaulandirepo chibadwire. Ndiye pempho langa, ndi manja awiri, ndi ili. Musankhe chimodzi.

Choyamba ndi chotchipa. Mwezi usanathe bwerani nokha, motoka imodzi ikwana. Loweruka m'mawa, nthawi yodula belo, muime pa shedi. Muwauze azimayi kuti mawu anga munawadula. Muwamvetsere onse m'mene ndinanenera, kuyambira pa zinyalala mpaka pa njala. Mufafanize dzina langa ndi chithunzi changa pamaso pa Isabel, ndipo lake mufafanize kawiri. Mukatero mashini yanga ikhala pomwe ili, ine ndibwerera ku mabuluku anga a mvuu, inu mupitirize kusamala dziko ndi maina omwe atsale, amene akupuma ndiponso oyenda ndi miyendo iwiri.

Ngati zimenezo zikuchotserani ulemu, ndavomera kubwera ku Lusaka. Koma ine ndinaleredwa kuti mwayi sadyera yekha. Aphungu akufuna osaina, ndiye tiwapatse onse 412. Mutumize mabasi asanu ndi awiri. Imodzi iyambire ku manda a ku Katondwe, ndidzakulozerani ine. Ina idikire padoko a ku Zumbo, muwakonzeretu mapasipoti. Ana a mkaka abwera ndi amayi awo, ndipo amayi awowo ambiri ndi a pa shedi. Clive sasanza m'motoka, musade nkhawa. Ine ndidzakhala kumbuyo kwenikweni, pawindo lotseguka. Mpando wakutsogolo, pambali panu, musungire nambala 88. Ulendo wa ku Lusaka ndi wautali, ndipo pofika Lachiwiri madzulo adzakhala ali ndi zambiri zoti akuuzeni.

Ndine wanu wogwada, amene ulendo uno wawerenga kaye asanasaine,

Yoram Daka,
Telala wa pa Shedi ya Salaula, mpaka pa 31.